Madontho Otsekula Diso la Kanunkhiza

Dzina lenileni la mwana wanga amalidziwa ndi a kuchipatala okha. Ife tonse timangoti Kanunkhiza, ndipo analiyambitsa ndi makasitomala anga. Ine ndine telala. Mwanayu anakulira pansi pa makina osokera, pakati pa tizidutswa ta nsalu, ndipo akatola batani sankaliyang'ana ngati mmene ana ena amachitira. Ankalifikitsa pamphuno penipeni n'kupendeketsa mutu, ngati akufuna amve ngati lawola. Anthu ankaseka, nanenso ndinkaseka nawo, paja kasitomala akaseka telala suumitsa nkhope. Tinadzadziwa mochedwa kuti sikunali kununkhiza. Maso ake onse awiri anali ndi ng'ala, kamtambo koyera pakatikati pa kamwana ka m'diso, moti dziko lake linkathera pomwe pathera mkono wake.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni tinali mu wodi ya ana, pa bedi lakumapeto, pafupi ndi sinki yodontha. Adokotala anali atanena kuti ayamba ndi diso lamanzere, linalo lidzatsatira ili likapola. Anamwino anabwera n'kulemba kamtanda pamwamba pa nsidze yamanzere. Ndinaganiza kuti umu ndi mmene inenso ndimachongera nsalu ndi choko ndisanadule. Ganizolo linangodutsa, osandikhudza.

Zinthu zambiri zinkangondidutsa choncho. Tinali ndi mwana wina, mkulu wake wa Kanunkhiza, wamkazinso. Anadwala m'mimba, anatiuza kuti ndi opaleshoni yaing'ono, ndipo anamukankha pa kabedi ka matayala iye akutilangiza kuti tisamudyere switi yake. Chitseko chitatsegukanso munatuluka dokotala yekha, kansalu ka pakamwa kali m'manja, kabedi kaja osaoneka. Nthawi imeneyo Kanunkhiza anali kumsana. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unachita dzanzi ngati mwendo woukhalira. Ndinkaphika, ndinkasoka, mwana ndinkamusambitsa ndi kumudzoza mafuta, koma sindinkamva kanthu, chisoni kapena chimwemwe. Azimayi apamzere wa mashopu athu ankati ndine wolimba mtima. Ndinkangovomera, chifukwa kutsutsa kumafunanso mphamvu.

Bambo ake anatenga njira yawo. Iwo ndi owotcherera zitsulo, ndipo chichitikireni zija, chipatala ankachilambalala ngati nyumba ya munthu amene anayambana naye. Za opaleshoniyi anavomera ndi pakamwa pokha. M'mawa umenewo anavala ovololo yawo, anati ali ndi geti la munthu lofunika kumaliza, anamugwira mwana pamutu n'kutuluka. Sindinawaletse. Pa nkhani ya maso iwo ali ndi chikhulupiriro chimodzi, ndicho kabotolo. Moto wowotcherera ukawalasa, maso amafiira ngati athiramo mchenga, amagula kabotolo ka mankhwala odontheza, ndipo kukamacha amakhala ali bwino. Zawachitikira kambirimbiri, moti kwa iwo diso lililonse padziko limangodikira kabotolo kake koyenera.

Anamwino athu anali mayi wamfupi, wa nsapato zolira, wokonda kuseleula ana. Anabwera ndi kathileyi ka tibotolo ting'onoting'ono n'kundifotokozera asanayambe. Anati kamwana ka m'diso kali ngati khomo, ndipo ng'ala imakhala kuseri kwa khomolo. Adokotala sangaichotse khomo lili lopapatiza, choncho madonthowa ntchito yake ndi kulikulitsa. Anati maso a ana ndi amakani kuposa a akuluakulu, amafuna kudonthezera kangapo, kudikira, kuunika ndi tochi, n'kudonthezeranso.

Anandionetsa kagwiridwe kake. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, mwana n'kumugoneka chagada pamiyendo panga, mutu uli pa maondo, manja titamukulunga ndi thawulo. Iwo anakokera chikope cham'munsi n'kudontheza. Ntchito yanga inali yotsindika ndi chala pakona ya diso, cha kumphuno, n'kugwira pomwepo. Anati pamenepo pali kanjira kopita kummero, ndipo mankhwalawa akathawira mmenemo mwana amafiira nkhope, mtima n'kumathamanga.

Madonthowo amaluma. Kanunkhiza anakuwa, anapalasa miyendo, anandiitana ngati ndili kutali pomwe ndinali nditamugwira ndine. Misozi inatuluka ndi mankhwala omwe. Anamwino anapukusa mutu, anati misozi ndiye mdani wa madontho, tidikire atonthole tiyambirenso. Ndinamugwira kachiwiri. Chala changa chinali pakona pa diso lake, chikumva kutentha kwa misozi, ndipo maso anga anali pa katani ya pawindo. Amene anaisoka anapotoza mpendero, ndipo ndinkawerengera mumtima mmene ndikanaukonzera.

Kenako tinadikira. Mwana anali asanadye chichokereni dzulo, monga anatilamulira, ndipo anapempha tiyi mpaka anatopa. Mayi wa pa bedi loyandikana nafe ankadya buledi atatembenukira kukhoma, kuopa kumukhumbiza. Anamwino ankabwera ndi katochi kawo, kuunika, n'kunena kuti khomo likadali lokana. Nditawafunsa ngati zimatheka osatseguka, anaseka.

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Litseguka ili."

Linatsegukadi. Ndinaona mdima wa pakati pa diso ukukula pang'onopang'ono, ukumeza mbali yofiirira ija mpaka kunangotsala kamkombero kopyapyala. Kamtambo koyera kaja kanatsala pakati ngati batani loyera pa diresi lakuda, ndipo mozungulira monse munali poyera. Kanunkhiza anasiya kulira. Anakhala tsonga pabedi, anatembenuka kuthawa kuwala kwa pawindo, anatseka diso lamanja ndi chikhatho n'kuyang'ana kudenga.

"Amayi, chikuzungulira icho n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti ndi fani. Anali akuimva kulira chigonereni mu wodimo, koma kudenga kunali kutali kwambiri ndi mphuno yake. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. Ndinadziwa kuti mayi wina akanalumpha kapena kugwada pansi. Ine ndinamukonzera kolala ya malaya a chipatala, imene inali itapindikira mkati.

Wodi imeneyo ndi yaitali, mabedi mbali zonse, chitseko chili kumapeto. Mwana anatsitsa mutu kuchoka pa fani n'kuyang'ana kumeneko. Ananena motsitsa, ngati akufunsa:

"Ababa."

Ndinacheuka. Bambo ake anali ataima pakhomo, ovololo ili yomweyo, phazi limodzi mkati lina kunja. Geti la mwini analisiya. Sanayankhule, sanatsokomole, ndipo fungo la chitsulo chopsa, limene mwanayu ankawadziwira nalo, silikanafika pamene tinali. Anakweza dzanja pang'onopang'ono. Kanunkhiza anakwezanso lake. Bambo ake anasunthira kumbali, kuseri kwa kabati, mwana n'kupendekera komweko kuwasaka. Atatulukira, mwana anaseka.

Munthu amene ankaopa ngakhale geti la chipatala anadutsa wodi yonseyo ngati akuyenda pabwalo la kwawo. Anagwada pambali pa bedi, anamugwira mwana masaya ndi manja awo a zipsera aja, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anandifunsa kuti amupanga kale opaleshoni kodi. Ndinati ayi, angomudonthezera mankhwala. Ndinaona ganizo likulowa m'mutu mwawo, ndipo ndinalizindikira lisanatuluke pakamwa.

"Ndiyetu wachira," anatero. "Si ndinkanena ine? Kabotolo kake kanali kasanapezeke basi."

Anaweramira pansi pa bedi n'kutulutsa nsapato za mwana. Poona kuti kuwala kukumuvutitsa, anapisa m'thumba la ovololo n'kumuveka magalasi awo akuda a kuntchito, amene anamuphimba nkhope yonse mpaka kukamwa. Anamwino atabwera ndi tochi anapeza mwana ali ndi nsapato imodzi kuphazi. Bambo ake anawathokoza ndi manja awiri, n'kupempha kuti awalembere dzina la mankhwalawo, akagule okha. Anamwino sanaseleule ulendo uno. Anandiyang'ana ine, anawayang'ana iwo, n'kutuluka nsapato zikulira.

Anabwera ndi adokotala, mayi wamtali atavala kale kachipewa ka ku opaleshoni. Anakhala pa bedi lathu ngati mlendo wodziwika ndipo anayankhula mosathamanga. Anati zimene taonazo ndi zoona, mwana akuonadi, chifukwa khomo likakula kuwala kumalambalala kamtambo kaja n'kulowera m'mbali. Koma mankhwala sanakhudze ng'alayo ngakhale pang'ono. Mphamvu yake ikatha, mawa kapena mkuja, khomo libwerera mwakale. Anati ng'ala ya Kanunkhiza ikukula, anaiyeza ulendo watha ndi uno, ndipo tsiku lidzafika loti ngakhale khomo litakula chotani, kamtambo kadzakhala katadzaza ponse. Chinanso, diso la mwana limaphunzira kuona adakali wamng'ono. Likazolowera mdima, ngakhale mudzalichotse ng'ala atakula, limakhala laulesi mpaka kalekale.

Bambo ake anamvetsera mwaulemu, nsapato yachiwiri ili m'manja. Atamaliza adokotala, iwo anati:

"Adokotala, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwanayu lero wandiona ndili pakhomo, ndipo akupuma. Za mkulu wake uja anatiuzanso kuti ndi kanthu kakang'ono. Tinabwerera ndi diresi lake m'jumbo."

Adokotala sanatsutse. Anati sangatinamize kuti kugonetsa mwana kulibe choopsa chilichonse, kungoti choopsacho n'chochepa, ndipo amuyeza mtima ndi magazi, zonse zili bwino. Anati mwana ndi wathu, iwo sangamulande. Anawonjezera kuti ana ena akudikira, ayamba atenga wa pa bedi loyamba, ndipo akamatuluka ameneyo adzafuna yankho lathu. Tikapita kunyumba, dzina libwerera kumapeto kwa mzere, ndipo mzerewo ndi wautali. Ananyamuka, anamugwira Kanunkhiza pa bondo n'kupita.

Tinatsala atatu. Sinki inkadonthabe. Bambo ake anamanga chingwe cha nsapato yachiwiri, anamunyamula mwana n'kuima naye pakati pa mabedi. Anandiyang'ana, akudikira kuti nditenge chikwama. Sindinachitenge, komanso sindinawaletse. Ndinangokhala, manja ali pamiyendo.

"Inu mayi ake, simukuyankhula?"

Ndinati ndikumva.

"Simukuopa?"

Ndinafufuza mkati mwanga moona mtima, ngati mmene umapisira m'thumba lobooka. Ndinati ayi, sindikuopa.

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero motsitsa. "Munthu wosaopa asamaperekeze mwana ku mpeni."

Mawuwo anali oyenera kundibaya. Ndinawamva akufika n'kugwa pansi. Mwina tikanapitadi kunyumba, chifukwa ine mphamvu yokangana ndinalibe, ndipo iwo anali ndi mantha okwanira anthu awiri. Koma Kanunkhiza, ali m'manja mwa bambo akewo, anakankhira magalasi aja pamphumi, anatseka diso lamanja n'kundiyang'ana. Panali kamtunda pakati pathu, mwina mabedi awiri. Nkhope yanga ankaidziwa zidutswazidutswa, mphuno payokha, khutu palokha, poigwira ndi zala ndikamamusambitsa. Yonse pamodzi anali asanaione.

"Amayi ndi amenewo?" mwanayo anafunsa bambo ake.

Anamuuza kuti inde.

"Amayi, mwakwiya?"

Ndinati sindinakwiye.

"Nanga nkhope yanu yangoima bwanji?"

Zaka zonsezi sindinavutikepo kukonza nkhope pamaso pa mwanayu, poti sinkamufika. Mawu okha ndinkawakometsa, nkhope n'kuisiya mmene inalili. Tsopano ankaiyang'ana mosaphethira, ndi diso lakuda lija, ngati kasitomala amene wapeza msoko wokhota. Sanaoneke wokhumudwa. Ankangofuna kuiona bwino, ndipo ankasuntha mutu uku ndi uku kusaka mpata wodutsira kamtambo.

Kusuntha mutu kumeneko n'kumene kunandiimiritsa. Ndinapita pamene anaima bambo ake. Ndinawauza kuti ntchito imene akufuna kuyamba ndimaidziwa. Mayi amabwera ndi diresi la mwana, akuti limasuleni mpendero litalike. Umamasula. Abweranso, umamasulanso. Tsiku lina umatembenuza diresi n'kupeza nsalu yatha, mwana akukulabe.

"Mkuja mudzaimanso pakhomo," ndinatero. "Mudzam'donthezera, adzakuitanani. Chaka cha mawa mudzaima pakhomo pomwepo, kabotolo kali m'manja, iye akuyang'ana kukhoma. Tsiku limenelo mudzamuuza chiyani?"

Nsagwada zawo zinkagwedera ngati akutafuna chinthu cholimba. Mwana anali atatisiya kale, akuloza zinthu za kutali n'kumafunsa maina ake: wotchi ya pakhoma, chidebe chofiira, mayi wokolopa. Bambo ake ankamuyankha chimodzichimodzi ndi mawu osasa. Atafika pa zenera la kumapeto, mwana anafunsa kuti chobiriwira chikugwedezeka panjapo n'chiyani. Unali mtengo wamba, wofanana ndi umene uli pakhomo pa shopu yanga, umene amakhala pansi pake tsiku lililonse.

Bambo ake anamukhazika pa bedi. Anagwada n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zimene anamanga okha. Mfundo anali atazimanga zolimba, ndipo zala zawo zinkalephera. Sindinawathandize.

"Ine sindim'pereka," anatero, maso ali pa nsapato. "Mum'pereke ndinu."

Ndinati chabwino.

Anamwino anabwera ndi kathileyi kaja ngati palibe chimene chachitika. Anaunika, anati khomo latseguka bwino, katsala kadontho komaliza kolimbitsira. Ndinamugoneka mwana pamiyendo, ndinamukulunga thawulo. Atadontheza, anamwino anagwira dzanja la bambo ake n'kuika chala chawo pakona pa diso, akuti chala chachikulu chotere chisamangokhala. Chala chokhakhala, chakuda ndi zipsera za moto, chinakhala pamenepo mopepuka ngati chikuopa kuboola pepala. Ulendo uno mwana analira pang'ono.

Kabedi ka matayala kanabwera. Tayala limodzi lakutsogolo linali lopindika ndipo linkalira kwiii, kwiii, pakuzungulira kulikonse. Bambo ake analiyang'ana n'kung'ung'udza kuti chitsulo chogwira tayalalo chinathyoka, wina anangomanga ndi waya, ntchito yoti iwo sangathe nayo ngakhale theka la ola. Tinatsatira kabediko mpaka pa mzere wofiira wa pansi, pomwe makolo amathera. Kuchokera pamenepo khonde limapitirira, lalitali, mpaka pa chitseko cha mbali ziwiri.

Kanunkhiza anadzutsa mutu pa kabedi, dzanja lili pa diso lamanja. Kale ukangosuntha pang'ono umakhala wamuthawa, ndipo ankayamba kupapasa mpweya. Tsopano ankapita chobwerera m'mbuyo akutiyang'ana.

"Ndikukuonanibe," anatero.

Tayala linalira. Anafika pakati pa khonde.

"Amayi, ndikukuonanibe."

Ndinayesa kumwetulira. Nkhope inakana ngati zipi ya dzimbiri, mbali imodzi inakwera, inayo inatsalira. Ndinaigwira choncho, yokhota momwemo, mpaka chitseko chinatseguka n'kumumeza. Ananenanso kanthu kachitatu koma sindinamve.

Tinakhala pa benchi la pakhonde. Bambo ake anavala magalasi awo akuda aja, m'nyumba, n'kutsamira khoma. Pansi pa magalasi pankatsika madzi, ndipo sanawapukute. Ine ndinali ndi nsapato ziwiri pamiyendo. Ndinaona kuti chingwe chimodzi chayamba kusosoka kumapeto, ndipo ndinaganiza zochimanga ndi ulusi. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa singano imene sindiyenda osaitenga. Ulusi unakana kulowa. Ndinanyowetsa, ndinayesanso, unakana. Ine amene ndimalowetsa ulusi ndikucheza ndi kasitomala osayang'ana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti vuto silinali ulusi. Manja anga ankanjenjemera.

Zinayambira m'manjamo, zinakwera m'mikono, zinafika pachifuwa. Aliyense amene anakhalirapo mwendo amadziwa kuti dzanzi silipweteka, chimapweteka ndi magazi akamabwerera. Ndinachita mantha. Ndinaopa mpaka m'mano. Ndinaopa chitseko chija, ndinaopa kachipewa ka adokotala, ndinakumbukira switi ija imene tinaisunga m'kabati mpaka inasungunuka. Ndinkamufuna mwana wanga, woona kapena wosaona, ndinkangomufuna. Ndinagwira mkono wa ovololo ya bambo ake n'kuufinya. Anatembenuza magalasi aja kundiyang'ana, ndipo sananene kuti si ndinakuuzani. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa.

Chitseko chinatseguka kangapo. Munatuluka mayi wonyamula nsalu zochapa. Munatuluka bambo wokankha botolo lalikulu la mpweya. Nthawi iliyonse ndinkayang'ana m'manja mwa munthuyo, kusaka kansalu ka pakamwa. Kenako ndinalephera kuyang'ana. Ndinatseka maso n'kuweramira pa nsapato zija, ndipo sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji.

Anayamba kumva ndi bambo ake. Dzanja lawo linalimba pa langa.

"Tamverani," ananong'ona.

Kuseri kwa chitseko, chapatali, kenako pafupi, tayala lija linkalira kwiii, kwiii. Ndinakhala pomwepo pa benchi, misozi ikugwera mu nsapato, ndikuyesa kukonza nkhope kabedi kasanafike.